Bondo Ndilo Linabwera Kudzadandaula, Koma Mlandu Unali wa Chishalo

Bambo amene ndikufotokoza nkhani yawo ali ndi zaka 47 ndipo amagwira ntchito ya mu ofesi mumzinda wa Blantyre. Anavomera kuti ndilembe izi bola ndisawatchule. Ine ndine wa fiziyo (timathandiza odwala minofu ndi mfundo za thupi popanda opaleshoni), komanso ndimapalasa njinga Loweruka lililonse, choncho anzanga a ntchito akakumana ndi wodwala amene ululu wake ukukhudzana ndi njinga, kawirikawiri amamutumiza kwa ine. Nkhaniyi ndaisankha chifukwa pa ulendo woyamba ndinalakwitsa, ndipo kulakwitsako kunatayitsa bambowa masiku 10 akuvutika ndi chinthu chimene funso limodzi likanachiulula.

Mmene zinayambira

Adokotala anali atawauza kuti BP yawo yakwera ndiponso shuga wayamba kusendera kumtunda, ngakhale anali asanafike poyamba mankhwala a shuga. Anawalangiza kuchita masewera olimbitsa thupi. Mng'ono wawo amene amakhala ku Johannesburg atamva, anawagulira njinga yatsopano ya mpikisano, ija ya matayala owonda ndi mahandulo opindikira pansi, n'kuitumiza ili m'katoni. Pogula sanawayeze akulu akewo. Iye ndi wamtali, ndiye anatenga felemu ya saizi 56 imene iye mwini amakwera. Bambowa ndi otalika masentimita 172.

Njinga sinali yachilendo kwa iwo. Anakulira kumudzi akupalasa njinga yakuda ya giya imodzi, yomwe munthu amakhala chowongoka ngati ali pampando wa kutchalitchi, ndipo ankanyamulirapo matumba a chimanga kupita kuchigayo. N'chifukwa chake zinawapweteka mumtima kuti kanjinga kopepuka koti n'kukanyamula ndi dzanja limodzi kakuwagonjetsa. Patatha milungu 6 akuikwera katatu pa mlungu, m'mawa asanapite kuntchito komanso Loweruka pamsewu wopita ku Thyolo, anabwera kwa ine ndi bondo lakumanja.

Ulendo woyamba

Anabwera ndi mwana wawo wamkazi wa ku koleji, amene anayendetsa galimoto itanyamula njingayo, ndipo mtsikanayo anakhala nafe m'chipinda nthawi yonse. Panthawiyo sindinaone vuto. Ndinkaona ngati ndi mwayi chifukwa anandithandiza kugwira foni pojambula.

Dandaulo lawo linali ululu kutsogolo kwa bondo, mozungulira kafupa ka pabondo, umene unkayamba akapalasa mphindi 20 ndi kukula pa chitunda. Potsika masitepe kuntchito ankaumvanso. Bondolo silinali lotupa, silinkakoleka kapena kufooka mwadzidzidzi, ndipo sanagwepo. Nditawafunsa ngati pali penanso, anatambasula dzanja lamanzere n'kunena kuti chala chaching'ono ndi chinzake choyandikana nacho zimachita dzanzi, ndipo masiku apitawo dzanzilo linali litasiya kuchoka. Khosi nalonso linkalemera madzulo. Ndinafunsa kuti, "Palinso china, bambo?" Anayankha kuti, "Ayi mayi, ndi zomwezi."

Dzanja ndinalipima mosamala kuposa bondo, chifukwa munthu amene shuga wake akukwera akanena za dzanzi, sitithamangira kunena kuti ndi njinga. Mapazi onse ankamva bwino nditawayesa ndi kaulusi ka magalamu 10 kaja timapimira odwala shuga. Kupendeketsa ndi kukanikiza khosi sikunatsitse ululu kumkono. Kugogoda pachigongono mtsempha wa ulnar, umene umapita ku chala chaching'ono, sikunabweretse kanthu. Dzanzi linali kumbali ya chikhatho, pa chala chaching'ono ndi theka la chala cha mphete, pomwe kuseri kwa dzanja kunkamva bwinobwino. Izi n'zothandiza kwambiri, pakuti nthambi ya mtsemphawu yopita kuseri kwa dzanja imapatuka mtsempha usanafike pamfundo ya dzanja. Ngati kuseri kuli bwino, kupanikizika kuli munsi, pa kanjira ka Guyon m'mphepete mwa chikhatho, pamalo enieni amene munthu amatsamira pa handulo. Nditawapatsa pepala kuti alipane pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala ine ndikukoka, analigwira, koma mphamvu yotambasula zala inali yocheperako poyerekeza ndi dzanja lamanja.

Kenako tinapita ku njinga. Ndinaiika pa choimikira chimene chimalola munthu kupalasa ali malo amodzi, n'kuyeza zonse ndisanakhudze bawuti ngakhale imodzi. Kutalika kwa mwendo wawo kuchokera pansi kufika pamphanda, atavula nsapato ndi kupana buku lolimba pakati pa miyendo atatsamira khoma, kunali masentimita 80. Njira yopezera kutalika kwa chishalo yotchedwa LeMond imati tichulukitse nambala imeneyi ndi 0.883 kuti tipeze mtunda wochokera pakati pa ekiselo ya mapedulo kufika pamwamba pa chishalo. Zimapereka 70.6. Chishalo chawo chinali pa 67.5. Pedulo ikakhala pansi penipeni, bondo linali lopindika pafupifupi madigiri 45, pamene njira ina yotchedwa Holmes imafuna pakati pa 25 ndi 35. Chishalocho chinali chitakankhidwiranso kutsogolo mpaka pothera pa tizitsulo take, ndipo mphuno yake inali yoloza pansi ndi madigiri 9. Stem, kachitsulo kolumikiza mahandulo ku foloko, inali ya mamilimita 110. Mahandulo anali otambalala masentimita 44 pamene mapewa awo ndi a 40. Tiziwashala tonse tokwezera stem, tokwana mamilimita 20, tinali pamwamba pake osati pansi, chifukwa mnyamata amene anamanga njingayo anati umo ndi mmene akatswiri amachitira.

Pa vidiyo nkhani inaoneka poyera. Ankatsetserekera kutsogolo, n'kudzikankhira m'mbuyo ndi manja, n'kutsetserekanso, mwina kanayi pa mphindi imodzi. Zigongono zinali zowongoka ngati mitengo, mapewa ali m'makutu. Nditawapempha kuti achotse manja pa handulo kwa kanthawi akupalasabe, analephera, anagwera kutsogolo nthawi yomweyo. Ankapalasanso giya yolemera, mapazi akuzungulira ka 60 pa mphindi. Giya yaing'ono ya kutsogolo anali asanaigwiritsepo ntchito, ati imeneyo ndi ya aulesi.

Kwa ine zonse zinali zitalongosoka. Chishalo chotsika ndi chosunthira kutsogolo, kuphatikiza giya yolemera, zimapanikiza kafupa ka pabondo. Chishalo chopendekera pansi chimataya thupi lonse pa manja. Ndinatenga kathabwa ndi levulo, ndinawongola chishalo, ndinachibweza m'mbuyo mamilimita 10, ndinachikweza kufika pa 69. Sindinafike pa 70.6 tsiku lomwelo chifukwa minofu ya kuseri kwa ntchafu inali yomangika, ndipo kukweza masentimita 3 kamodzi kumangosamutsa ululu kuuchotsa kutsogolo kwa bondo kupita kumbuyo. Ndinawauza apalase mphindi 30 zokha pamalo athyathyathya, pa giya yopepuka, azisinthasintha pogwira, ndipo agule magolovesi okhala ndi kansiponji. Za stem ndi mahandulo ndinati tidzaona ulendo wina, posafuna kusintha zambiri nthawi imodzi. Mpweya wa m'matayala ndinautsitsa pomwepo. Ankapopa mpaka muyezo wa mpweya wa 120 psi chifukwa ndiyo nambala yolembedwa m'mbali mwa tayala, osadziwa kuti imeneyo ndi malire, si mlingo woti aliyense azifikapo. Kwa munthu wa makilogalamu 78 pa matayala a mamilimita 25, pa misewu yathu ya zigamba ndi tizitunda tochepetsa liwiro, ndinawaikira pafupifupi 85 kutsogolo ndi 90 kumbuyo.

Chimene sindinachite ndi kufunsa kuti chishalocho anachipendeketsa ndani, ndipo chifukwa chiyani. Ndinangoganiza kuti ndi mnyamata womanga uja, popeza tiziwashala anali atatisokoneza kale.

Ulendo wachiwiri, pamene nkhani inatembenuka

Anabweranso patatha masiku 10, ulendo uno ali okha. Bondo linali litapepukako. Dzanja linali chimodzimodzi. Anali atakwera kawiri kokha pa maulendo anayi amene tinagwirizana, ndipo chifukwa chimene anapereka chinali chiperoni, chomwe chinalidi chitagwa mlungu umenewo. Nditaika levulo pa chishalo, ndinapeza kuti chapendekeranso pansi, madigiri 8.

"Mwina chasuntha pa mabampu," anatero.

Ndinatsala pang'ono kuvomera. Aleni kiyi inali kale m'manja mwanga kuti ndimange mwamphamvu. Koma bawuti inali yothina kwambiri kuposa mmene ndinaisiyira, ndipo chishalo chosuntha chokha sichimangitsa bawuti yake. Katepi kamene ndinamata pa chitsulo cha chishalo posonyeza kutalika kanali pamalo pake. Munthu uyu sanakhudze china chilichonse chimene ndinasintha, koma ichi chokha anachibweza mwadala, n'kundibisira.

Ndinaika kiyi pansi, ndinatseka chitseko, ndinakhala pampando kuti ndisawayang'anire kuchokera pamwamba. Sindinawafunse ngati anachisintha. Ndinati, "Bambo, abambo ambiri amene amayamba njinga zamtunduwu amamva dzanzi kumusi, kumalo obisika, ndipo ambiri amaweramitsa chishalo kuti apeze mpumulo. Si zachilendo ndipo zimakonzeka. Kodi inunso zakuchitikirani?"

Anakhala chete nthawi yaitali akuyang'ana tayala. Kenako anati, "Mayi, nkhani imeneyo ndi yolemera kukamba. Tsiku lija panali mwana."

Zinapezeka kuti dzanzi limeneli ndilo linayamba, mlungu woyamba weniweni, bondo ndi dzanja zisanamveke. Linkabwera akapalasa mphindi 30 kapena 40. Poyamba linkachoka akatsika, koma Loweruka lina atafika ku Bvumbwe ndi kubwerera, linakhala masiku awiri, ndipo kunyumba zinthu sizinayende monga mwa masiku onse. Anachita mantha kwambiri poganiza kuti shuga uja wawamaliza. Sanauze mkazi wawo, sanauze adokotala. Anatenga kiyi n'kuweramitsa chishalo. Zitathandizako pang'ono, anachitsitsanso, n'kuchikankhira kutsogolo kuti asamawerame kwambiri pofikira mahandulo. Kusintha katatu konseko kunali kuthawa chinthu chimodzi. Dzanja ndi bondo zinangolipira ngongole ya mwini wake.

Ndiye taonani zimene ine ndinachita pa ulendo woyamba. Ndinawongola chishalo chopapatiza chomwecho, n'kubwezera mphuno yake pamalo pomwe inkawapweteka. Ndinachibweza m'mbuyo, kutalikitsa mtunda wofikira mahandulo pa felemu yomwe inali yaitali kale. Ndinachikweza osakweza mahandulo, choncho kusiyana kwa chishalo ndi handulo kunachoka pa masentimita 5 kufika pa 6.5, ndipo chiuno chinagudubukira kutsogolo kwambiri. Pa pepala chilichonse chinali cholondola. Pathupi pawo ndinawonjezera vuto lomwe linali loopsa kuposa onse. Timakonda kuuza odwala kuti wobisa matenda maliro adzamuulula, koma pano wolakwa sanali wobisayo. Bambo wa zaka 47 sanganene za kumusi kwa mayi wamng'ono kwa iye, mwana wake wamkazi atakhala pambali akujambula ndi foni. Chipinda chimenecho ndinachikonza ndine.

Ndisanabwerere ku njinga ndinafunsa mafunso amene sitiyenera kuwadumpha tikamva za dzanzi pamalo amenewa. Kodi mkodzo ukutuluka bwino, ndipo amamva chikhodzodzo chikadzaza? Chimbudzi akutha kuchigwira? Pali ululu wa msana wotsikira m'miyendo yonse iwiri, kapena kufooka kwa mapazi? Dzanzilo limabwera asanakwere njinga? Zonse anati ayi. Mphamvu ndi kumva kwa miyendo zinali bwino. Akanavomera chimodzi mwa zimenezi, nkhani ya njinga ikanathera pomwepo ndipo akanapita kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa kupanikizika kwa mitsempha ya kumapeto kwa msana sikudikira. Mmene zinalili, chithunzi chinali cha mtsempha wa pudendal, wopita kumalo obisika, ndi mitsempha ya magazi yoyandikana nawo, zimene zimapanikizika munthu akakhalira minofu yofewa ya pakati mmalo mwa mafupa okhalira. Ndinawalimbikitsabe kuti akauze adokotala awo za masiku awiri aja, poganizira msinkhu wawo, BP ndi shuga. Ndinawalembera kalata yachidule yomata kuti asavutike kuyamba okha nkhaniyo. Anati zimenezo zawathandiza kuposa mankhwala.

Zimene tinasintha, ndi dongosolo lake

Choyamba chinali kusiya njinga mpaka kumva kubwerere kwathunthu kumusi. Zinatenga masiku ochepa, koma ndinawasiyitsa milungu iwiri chifukwa cha dzanja, lomwe linali litayamba kale kufooka.

Pa milungu iwiriyo tinafunafuna zipangizo. Mafupa okhalira tinawayeza ndi katoni ija yokhala ndi mizere ngati malata, yoikidwa pa sitepe yolimba. Munthu amakhalapo ataweramira kutsogolo pang'ono, akadzuka pamatsala timaenje tiwiri, ndipo timayeza kuchokera pakati pa kena kufika pakati pa kanzake. Tinapeza mamilimita 122. Chishalo chobwera ndi njinga chinali cha 130 m'lifupi, chozungulira pamwamba ngati msana wa nsomba, kotero mafupawo ankagwera m'mbali ndipo pakati ndi pamene pankasenza katundu. Iwo ankafuna chishalo chachikulu cha masipuling'i ngati cha akabaza, kapena kuvekapo siponji. Ndinawafotokozera kuti chimenecho ndi chabwino kwa munthu wokhala chowongoka, koma ukawerama, siponji yofewa imalola mafupa kumira ndipo yotsalayo imatukukira pakati pomwe tikufuna kupulumutsa. Tinapeza cha mamilimita 143, chathyathyathya kumbuyo, chokhala ndi mpata pakati. Mnzanga wina wopalasa naye anatibwereka kuti tiyese tisanawononge ndalama, ndipo ndikulangiza aliyense kuchita chimodzimodzi, chifukwa chishalo chokomera wina chimazunza mnzake ngakhale miyezo ikufanana.

Kabudula nayenso anali ndi mlandu. Mng'ono wawo anatumiza kabudula wa njinga wokhala ndi kansiponji, koma iwo ankamuvala pamwamba pa kabudula wamkati, ndipo misoko inkawapala. Kabudula ameneyu amavalidwa payekha, n'kuchapidwa ulendo uliwonse. Anati sangayende m'tauni ndi chovala chothina chotero, anthu a kumpingo angawaone. Tinagwirizana kuti azivala kabudula wa mpira pamwamba pake. Nkhani inatha.

Pa ulendo wachitatu ndinayamba ndi kutsogolo kwa njinga, zomwe ndikanayenera kuchita limodzi ndi chishalo tsiku loyamba. Lamulo loti tizisintha chinthu chimodzi pa nthawi ndi labwino pokonza zing'onozing'ono, koma pamene chishalo chikukwera masentimita atatu, mahandulo sangasiyidwe kumbuyo, popeza ziwirizi ndi mbali ziwiri za kakhalidwe kamodzi. Tiziwashala tonse ndinatitsitsira pansi pa stem. Stem ya 110 tinaichotsa, n'kuika ya 90 yobwereka, yotembenuzira m'mwamba. Ya 80 imene ndinkafuna sinapezeke mu Blantyre kapena Limbe kumene tinafunsa, ndiye inachokera ku Johannesburg patatha milungu itatu pamodzi ndi mahandulo a masentimita 40. Poitanitsa, tchulani kukula kwa pogwira handulo (pa njingayi ndi mamilimita 31.8), apo ayi mudzalandira chosalowa. Zogwirira za mabuleki ndinazikwezera m'mwamba pang'ono kuti dzanja likhale lowongoka ndi mkono, osati lopindikira kumbali ya chala chaching'ono, ndipo ndinayandikitsa zokokera zake chifukwa zala zawo ndi zazifupi. Mabawuti a stem ndinamanga pa muyezo wa kuthina wa 5 Nm monga zalembedwera pa chitsulocho. Foloko ya njingayi ndi ya kaboni, chipangizo chopepuka chimene si chitsulo, ndipo dzanja lozolowera sipanala ya njinga yakuda likhoza kuiphwanya osamva n'komwe.

Chishalo chatsopano ndinachiika chowongoka pa mbali imene munthu amakhalira, n'kuweramitsa mphuno digiri imodzi yokha. Ndinawalola kuti asinthe okha mpaka madigiri awiri ngati akufuna, bola andiuze. Ndinaona kuti kuwapatsa malire n'kwabwino kuposa kuwaletsa, popeza kiyi ali nayo kunyumba. Kutalika kunachoka pa 69 kupita pa 70 mlungu wotsatira, n'kuthera pa 70.5, pamene bondo linkapindika madigiri 33 ndipo chiuno sichinkagwedezekera uku ndi uku. Pamapeto mahandulo anali pansi pa chishalo ndi masentimita 4.5. Titabwereza kuyesa kuja kochotsa manja, anatha kukhala masekondi 10 akupalasa osagwera kutsogolo. Anaseka, n'kunena kuti njingayo yafupika.

Anzanga amene mumakumana ndi felemu yaitali, samalani ndi njira yachidule yokankhira chishalo kutsogolo. Imaoneka ngati yanzeru chifukwa mahandulo amayandikira popanda kugula kanthu. Koma thupi likasunthira kutsogolo kwa mapedulo, miyendo imasiya kulichirikiza ndipo manja ndiwo amasenza. Malo a chishalo amatsatira miyendo. Mtunda wofikira mahandulo umakonzedwa kutsogolo.

Za thupi lenileni sindinawapatse zambiri, chifukwa munthu wa ntchito ukamupatsa masewera khumi sachita ngakhale amodzi. Anali atatu: kutambasula minofu ya kuseri kwa ntchafu, kukweza chiuno atagona chagada kuti matako alimbe, ndi kugwira thupi chowongoka atatsamira zigongono pansi. Panjinga, mphindi 30 mlungu woyamba, kuwonjezera mphindi 10 mlungu uliwonse, kuimirira pa mapedulo masekondi angapo mphindi 10 zilizonse, ndi kusintha pogwira nthawi yomweyo. Nkhondo yaikulu inali ya magiya. Ndinawauza kuti aziwerenga kangati bondo lamanja likukwera pa masekondi 15, ndipo nambalayo isatsike pa 20, zomwe ndi ka 80 pa mphindi. Mlungu woyamba anadandaula kuti akuoneka ngati mwana wosewera, miyendo ikuthamanga njinga osapita. Mlungu wachitatu anavomera kuti chitunda chimene chinkawapweteka bondo akuchikwera atakhala pansi, akupuma bwino. Nsapato zokolekera ku pedulo, zomwe mng'ono wawo anatumizanso, ndinati zidikire. Bondo lomwe likungochira kumene silifunika kumangiriridwa phazi pamalo amodzi, ndipo munthu wosazolowera kumasula phazi pakati pa maminibasi a ku Limbe ndi ngozi ina payokha.

Zotsatira

Dzanzi la kumusi silinabwererenso kupatula kamodzi, pa mlungu wachisanu, pamene anapitirira muyezo n'kupalasa maola awiri ndi anzawo osaimirira. Linachoka mphindi zochepa atatsika. Chondisangalatsa n'choti anandiimbira okha kundiuza, osadikira kufunsidwa. Adokotala awo anawapima ndipo sanapeze china chodetsa nkhawa, ndipo kunyumba zinabwerera mwakale. Bondo linasiya kupweteka pa masitepe patatha milungu itatu, pa chitunda patatha isanu. Dzanja ndilo linachedwa. Mphamvu yotambasula zala inabwerera pa mlungu wachisanu ndi chimodzi, koma kansonga ka chala chaching'ono kanakhala kachilendo mpaka mlungu wachisanu ndi chinayi. Ndinali nditawauziratu kuti mphamvu ikapitirira kuchepa kapena minofu ya pakati pa zala ikayamba kuphwa, tiwatumiza kukapimidwa mitsempha, koma sizinafike pamenepo. Mlungu wa 10 tinaika nsapato zija, ndi ma cleat (tizipangizo ta kunsi kwa nsapato tokolekera ku pedulo) achikasu a Shimano amene amalola phazi kusewera madigiri 6, ndipo bondo silinadandaule. Matayala a 25 atatha tinaika a 28, omwe analowa bwino mu felemu, ndi mpweya wocheperapo, ndipo iwo anati ndi kusintha kumene anakumva kwambiri m'manja pa zonse zimene tinachita.

Kuyambira nkhani imeneyi ndinasintha zinthu ziwiri pa kagwiridwe kanga ka ntchito. Aliyense wobwera ndi njinga ndimacheza naye payekha mphindi zisanu zoyambirira, wom'perekeza akudikira panja, ndipo funso la kumusi ndimaliyambitsa ndine, kwa abambo ndi amayi omwe, ngati funso wamba pakati pa la khosi ndi la mapazi. Chachiwiri, ndikapeza chinthu chooneka cholakwika pa njinga, ndimafunsa kaye kuti anachiika choncho ndani komanso ankathawa chiyani. Nthawi zambiri chishalo chopindika, handulo yotembenuzidwa kapena nsanza yokulungidwa penapake zimakhala zikuloza ululu umene mwini wake sanautchule.

Si zonse zinatheka. Pa mwezi wachinayi anapalasa kuchoka ku Limbe kudutsa Njuli, Namadzi ndi Thondwe mpaka ku Zomba, makilomita opitirira 60, ndipo anabwerera pa galimoto. Kumusi, bondo ndi manja zinali bwino, koma khosi linayamba kulemera atadutsa maola awiri, monga limachitirabe mpaka pano pa maulendo aatali. Felemu ya 56 ikadali ya 56. Tinaifupikitsa mmene tikanathera, ndipo stem ya 80 yachititsa kuti chiwongolero chikhale chopepuka kuposa mmene ndikanafunira, moti ndinawaletsa kutsika mapiri a msewu wa ku Chikwawa mpaka atazolowera. Ndinawauza mosabisa kuti njinga ya saizi 52 kapena 54 ikanawakwana bwino, ndipo pali anthu amene angasinthane nawo mosangalala.

Anapukusa mutu. "Mayi, imeneyi ndi mphatso ya mng'ono wanga. Akabwera pa Khirisimasi adzafuna kuiona. Ndimuuza kuti chiyani?"

Ndinawawonjezera masewera awiri a khosi ndi mapewa, ndinawauza azipuma mphindi zisanu ola lililonse pa ulendo wautali, ndipo tinagwirizana kuti adzabwere mu Januwale, mlendoyo atabwerera, tidzakambiranenso za felemu.